Mendulo ya Mthawa

Sabata yatha tinafulula mowa wa bona, wokumbukira abambo anga aakulu, a Bisalomu Tembo, popeza patha chaka chiwaikireni m'manda. Anthu anabwera ambiri, ena ochokera ku Mkanda, ndipo mkulu wina wa mpingo ataimirira ananena kuti malemuwo anali munthu wamtendere, wosasunga mangawa. Ndinayang'ana pansi kuti ndisaseke. A Bisalomu ankasunga mangawa monga mlimi amasungira mbewu, pouma, patali ndi anankafumbwe, kudikira nyengo yake. Akanamva mawu aja akanadzuka n'kumulanda mkuluyo chipanda. Ndiye ndati ndinene ine, amene ndinakulira pakhomo pawo, za munthu weniweni amene tinamuika.

Ine ndine mwana wa mng'ono wawo, Simiyoni. Bambo angawo sindinawaonepo. Anatengedwa kupita ku nkhondo ya Ajeremani mayi ali ndi pathupi pa ine, ndipo sanabwerere. Pa awiriwa, amene anabwerako ndi a Bisalomu okha, mwendo wamanzere ukukwekwereza pansi, ndipo ndi iwo amene anandilera m'mudzi mwathu muno kwa Zulu. Dzina langa sankalitchula. Akandifuna ankaima pabwalo n'kukuwa kuti, "Mwana wa Simiyoni ali kuti?" Ndili wamng'ono ndinkaganiza kuti amaiwala dzina langa. Ndinadzazindikira nditakula kuti ankafuna dzina la mng'ono wawo lizimveka tsiku lililonse mpaka kutsidya kwa mtsinje, kumene kunkakhala munthu amene sankafuna kulimva.

Anali aatali, owonda, a mawu ochepa. Malaya sankavula pamaso pa anthu, ngakhale pogalauza m'chilimwe amuna anzawo ali chifuwa pamtunda. Kosamba ankapita okha, kumunsi kwenikweni. Pa zinthu zambiri anali osavuta, koma panali chimodzi chimene ankakwapulira mwana osafunsa kaye: mlendo akapempha madzi iwe n'kuchedwa nawo. Ine anandimenyapo kamodzi kokha moyo wanga wonse, tsiku limene ndinauza munthu wapaulendo kuti adikire ndimalize kusinja.

M'mudzi ankawatchula kuti Mthawa. Dzinali linachokera ku boma. Nkhondo itatha, amuna amene anabwerako anaitanidwa kukalandira mendulo, ndipo ena anawakhululukira msonkho. A Bisalomu atafika kutsogolo, mesenjala amene ankaloza anthu kwa mzungu anati, "Uyu ayi, Bwana. Uyu anathawa." Anabwerera kumudzi chimanjamanja, dzinalo likuwatsatira pambuyo. Ana ankaliimba poweta mbuzi. Pa mowa, munthu akafuna kuseketsa anzake, ankafunsa ngati mwendo uja unapunduka ndi chipolopolo kapena ndi liwiro. Mkazi wawo woyamba anatopa nazo n'kubwerera kwawo. Iwo sankayankha aliyense. Ankati mlandu suwola, ndipo amene amaukamba pa mowa amaugulitsa motchipa.

Mesenjala ujayo anali Zefaniya, mnzawo amene anaweta naye ng'ombe ali anyamata. Ankakhala kutsidya kwa mtsinje wathu, m'nyumba yokhayo ya mazenera agalasi m'dera lonselo. Ankayenda panjinga, chisoti chofiira kumutu, mendulo ikung'anima pachifuwa, ndipo ndi iye amene ankabwera kudzamanga osakhoma msonkho. A Bisalomu ankakhoma msanga chaka chilichonse, ngakhale zitafika pogulitsa mbuzi yomaliza, kuti dzanja la munthu ameneyo lisadzawakhudzenso. Dzina lake silinkatuluka m'kamwa mwawo. Ankangoti uja wa njinga.

Chaka china ng'ombe za Zefaniya zinalowa m'munda mwathu n'kudya chimanga chosakhwima mbali yonse yakumadzulo. Abale anasonkhana, akuti ulendo uno tamugwira, alipira. A Bisalomu anatenga kamtengo, n'kuzikusa ng'ombezo mwakachetechete mpaka kuziwolotsa mtsinje, osamenya ndi imodzi yomwe. Anthu anati amuopa. Madzulo ake anatiuza kuti akalandira dengu la chimanga kwa munthu uja, mudzi udzati awiriwa anamvana, ndipo kamlandu kakang'ono kadzameza mlandu waukulu. Chaka chimenecho tinagona ndi njala kangapo, iwo osadandaula.

Nthawi inanso, m'dzinja, Zefaniya anadwala chifuwa kwambiri, mpaka kunamveka kuti abale ayamba kusonkhana. A Bisalomu anasowa mtendere. Anakwera phiri ndi mwendo wawo wokoka uja kukakumba mizu, n'kuipereka kwa mayi wina kuti akaipereke ngati yochokera kwa iye. Wodwalayo atachira, mayiyo anaulula, anthu n'kuyamba kutama a Bisalomu kuti ali ndi mtima wa Mulungu. Iwo analavula malovu pansi. Anati munthu wangongole safa mwini ngongole asanamuone.

Chimene chinachitika kunkhondo anandiuza kamodzi kokha. Ndinali nditabereka mwana wanga woyamba, ndipo anabwera kudzamuona ine ndikuswa mtedza pakhonde. Anamunyamula nthawi yaitali, kenako anayamba kulankhula akuyang'ana mwanayo, osati ine.

Iwo ndi mng'ono wawo anagwidwa tsiku limodzi kuti akakhale amtengatenga, osenza katundu wa asilikali pamutu. Zefaniya anagwidwa nawo limodzi, koma popeza ankadziwako Chizungu cha kumishoni, anamupatsa chikoti n'kumuika ukapitao. Anayenda miyezi yambiri kumpoto, m'dziko la mapiri ndi mvula yosakata, akudya ufa wovunda. Kamwazi anayamba kugwetsa anthu. Simiyoni atadwala, a Bisalomu ankasenza bokosi lawo pamutu, la mng'ono wawo paphewa. Tsiku lina Simiyoni anakhala pansi m'mbali mwa njira, osathanso kudzuka.

"Anapempha madzi," anatero a Bisalomu. "Ine botolo ndinalibe. Mabotolo anali ndi akapitao okha. Anati, 'Zefa, madzi.' Anamutchula monga tinkamutchulira kubusa. Uja anamukwapula kumaso kuti adzuke. Ataona kuti sakudzuka, anamuvula bulangete n'kupatsa wina, nati tiyeni."

Mzere unapitirira. Pamene anaima kuti apumule, a Bisalomu anatula katundu n'kubwerera m'mbuyo okha. Anapeza mng'ono wawo atatsirizika, nkhope ili m'matope. Anakumba ndi chikwanje ndi manja, n'kumuika, n'kusanja miyala pamwamba kuopa afisi. Akanatha kulowa m'tchire osaonekanso, monga ankachitira ambiri. Koma anatsatira mapazi a anzawo mpaka kuwapeza. Anapeza Zefaniya atanena kale kwa mzungu kuti wathawa. Anawamangirira kumtengo, ndipo amene anagwira chikoti anali Zefaniya yemweyo.

Pambuyo pake asilikali atachepa ndi matenda, a Bisalomu anapatsidwa mfuti. Za mfutizo sananene zambiri. Anangoti mwendo unathyoka ndi chipolopolo powoloka mtsinje wina waukulu.

Ndinafunsa kuti, "Nanga bwanji simunamuphe, abambo? Mfuti munali nayo."

"Kupha n'kwa tsiku limodzi," anatero. "Ine ndikufuna anene ndi pakamwa pake, anthu akumva."

Kuyambira tsiku limenelo mlanduwo tinausenza awiri. Ndikakumana ndi Zefaniya panjira ndinkagwada n'kumupatsa moni monga mwana wolangidwa bwino, koma m'mtima ndinkamuwerengera nthiti.

Zaka zinapita, onse awiri anachita imvi. Mu nthawi ya chitaganya, ku Kamwendo kunabwera telala wina wachikulire, Myao, Msilamu, dzina lake Che Amidu, amene ankasoka pakhonde la sitolo. Tsiku lina tinapita kukagulitsa mtedza, ndipo ndinawakakamiza abambo kuti asoketse malaya awo amene anang'ambika paphewa.

"Vulani ndisoke msanga, bambo," anatero telalayo osadzutsa mutu.

"Sindivula. Sokani ali m'thupi."

Makina anaima. Telala anadzutsa mutu, anayang'ana nkhope, anayang'ana mwendo, anayang'ananso nkhope.

"Mawu awa ndinawamvapo ndili pamsana pa munthu, madzi ali m'khosi," anatero. "Ankanditukwana kuti ndisiye kumufinya. Kodi si Tembo iwe?"

"Ndine, a Sajeni."

Che Amidu anaimirira, nsalu ya mwini ikugwera m'fumbi, n'kuimika dzanja pachipumi mwausilikali, msika wonse ukuona. Ndi pomwe ndinamva koyamba kuti chipolopolo chija chinawapeza abambo atabereka munthu. Anali atawoloka kale, n'kubwereranso m'madzi kukatenga sajeni wawo wovulala. Ndiye ndinamuuza telalayo dzina limene abambo ankadziwika nalo kwathu. Anavundikira makina ake dzuwa likadali pamutu, ndipo m'mawa mwake anavala mendulo zake n'kuuyamba wa ku boma.

Anapitako kambirimbiri, akumubweza. Mwina akanatopa, koma nyengo inamuthandiza. Masiku amenewo anthu ankang'ung'udza ndi chitaganya paliponse, ndipo Azungu ankafuna kuonetsa kuti asilikali akale amalikondabe boma. Nkhalamba yoiwalika, yoti aipatse mendulo anthu akuombera m'manja, inali ndendende chimene ankafuna. Uthenga unafika kuti kudzakhala perete.

A Bisalomu atamva anafunsa chinthu chimodzi chokha: "Uja apita?" Zefaniya anali atapuma ntchito, maso atachita khungu pang'ono, ndipo njinga sankakweranso. Ndinati sindikudziwa, ku boma n'kutali. Abambo anapita kwa mwini ngolo wa m'mudzi mwathu, n'kumulonjeza tambala, kuti akauze a kutsidya kuti ngolo ikupita ku boma yopanda katundu, ngati alipo ofuna kukwera. Ife tinayenda pansi.

Tsikulo bwalo la boma linadzaza. Mbendera inali m'mwamba, apolisi atandanda ndi mfuti, mafumu ali pamipando, ana asukulu atakhala pa udzu. Asilikali akale ndi amesenjala opuma anawaika pabenchi lakutsogolo, ndipo Zefaniya anali pakati pawo, mendulo yake ataipukuta ndi phulusa. Bwana Disi, mkulu wa pabomapo, anali mnyamata wofiira makutu, amene nthawi ya nkhondoyo mwina anali asanabadwe. Analankhula kudzera mwa womasulira kuti boma siliiwala ana ake, kuti panachitika kulakwitsa, ndipo lero kukukonzedwa. Anabaya mendulo pamalaya a abambo, n'kuwapatsa chikhothi chachikulu cha usilikali. Lipenga linalira, apolisi anakweza mfuti, amayi anaimba nthungululu. Ine sindinaimbe. Ndinali nditaona mmene abambo analumira mano.

"Bwana, ndinene mawu?"

Mzungu anagwedeza mutu akumwetulira, akuyesa kuti kukubwera kuthokoza. A Bisalomu anapereka chikhothi chija kwa Che Amidu. Anamasula mabatani limodzilimodzi, anavula malaya ndi mendulo yomwe, n'kutembenuzira msana kwa anthu. Ine amene anandilera ndinali ndisanauonepo msana umenewo. Panalibe malo osalala oti n'kuikapo chikhatho. Zipsera zinali zitapingasana kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, zina zotukuka ngati zingwe. Nthungululu zinazima.

"Boma likuti linalakwitsa," anatero. "Boma silinandione ndikuchoka, silinandionenso ndikubwerera. Linamva kwa munthu. Munthuyo ali apo."

Anayenda akukoka mwendo mpaka pabenchi paja. Kenako ndinamva dzina limene linali lisanatulukepo lathunthu m'kamwa mwawo chibadwire changa.

"Zefaniya. Imirira."

Nkhalambayo inaimirira itagwira ndodo ndi manja onse awiri.

"Kodi ndinathawa?"

"Zakale izi, a Tembo. Lero ndi tsiku lachisangalalo."

"Ndinathawa?"

"Simunathawe."

"Kweza mawu. Ana asukulu awo sanamve."

"Simunathawe!"

"Ndinapita kuti?"

"Kwa mng'ono wanu."

"Ali ndi dzina."

"Kwa Simiyoni."

"Anakupempha chiyani?"

Apa mawu a Zefaniya anatuluka mothamanga. "Mzungu ndi amene analamula kuti odwala tiwasiye. Ndikanakana, chikoti chikanagwera ine. Tonse tinali akapolo kumeneko, Bisa, iwe ukudziwa."

"Ndikudziwa. Mzungu analamula zomusiya. Za madzi analamula ndani? Za bulangete analamula ndani? Nanga nkhondo itatha, pabwalo lomwe lino, ndani anakugwira pakhosi kuti unene kuti ndinathawa?"

"Ndinkaopa," anatero Zefaniya. "Ndinati ukalandira mendulo anthu adzayamba kukumvera, ndipo udzanena."

"Anakupempha chiyani?"

"Madzi."

A Bisalomu anatembenuka n'kukuwa monga ankachitira pabwalo lakwathu. "Mwana wa Simiyoni ali kuti?"

Ndinatuluka m'gulu la amayi. Abambo anandigwira dzanja n'kundiimika patsogolo pa nkhalambayo.

"Uyu ndi mwana wake. Wakhala akukugwadira panjira zaka zonsezi. Muuze iyeyu."

Zefaniya anandiyang'ana ndi maso ake oyera aja, n'kuyamba kutsika kuti agwade. Mawondo ankamukana. Ndinamva amayi kumbuyo akunong'ona kuti mugwire, mudzutse, ndi wamkulu. Mwambo ndinkaudziwa: munthu wamkulu sagwadira mwana, umamugwira asanafike pansi. Ndinaika manja kumbuyo. Ndinamusiya atsike yekha mpaka mawondo onse awiri atafika m'fumbi, ndodo n'kugwera kumbali. Anati, "Mayi, ndinawamana madzi bambo anu." Anthu ena mpaka lero amati ndinachita mwano tsiku limenelo, ndipo ndimawalola anene. Atandibwezera pabwalo paja, manja ndingaikenso kumbuyo.

Bwana Disi ankafunsa womasulira kuti akuti chiyani, womasulirayo akungomeza malovu. Potsiriza analamula lipenga lilire, perete n'kutha mwadzidzidzi. Amuna a pabenchi paja anadzuka mmodzimmodzi, osamudzutsa mnzawoyo. Anadzamudzutsa ndi ana ake. Abambo anavala malaya awo mosafulumira, n'kumanga mabatani onse mpaka m'khosi.

Boma silinawaitanenso, ndipo zina zimene linalonjeza tsikulo sizinafike. Iwo analibe nazo ntchito. Dzina la Mthawa linafa sabata yomweyo. Ana amene ankaliimba poweta anapeza nyimbo yatsopano, ndipo akamadutsa pafupi ndi nyumba ya mazenera agalasi ankakuwa kuti, "Zefa, madzi!" Zefaniya anasiya kutuluka. Mvula isanagwe, ana ake anamusamutsira kwa abale a mkazi wake kutsidya kwa malire, ku Rodeshiya.

Akulu a mpingo anabwera kwathu kudzawauza abambo kuti zakwana, munthu wavomera, amukhululukire asanafe. A Bisalomu anawayalira mphasa, anawamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati za msana wawo angakhululuke, poti msana ndi wawo, koma za madzi mwini wake ndi Simiyoni. Ngati akuluwo akufuna kukamupempha, njira awalozera, kungoti n'kutali. Akuluwo sanabwerenso.

Zefaniya anamwalira dzinja lachiwiri. Uthenga utafika, abambo anavala chikhothi chija, n'kubaya mendulo pachifuwa. Aka kanali koyamba ndi komaliza kuivala chichokereni ku boma. Anawoloka malire wapansi, m'matope, ine ndikuwatsatira chifukwa ndinkaopa kuti agwera panjira. Pamaliro sanakhale pansi, sanadye, sanapepese aliyense. Anapempha kuona nkhope, ndipo abale, posadziwa chochita, anawalola. Kumanda anaima kumutu kwa dzenje, chilili, mpaka adzukulu atamaliza kuunda mtumbira. Pobwerera anayamba kuimba nyimbo ya chilankhulo chachilendo, yoyendera asilikali, imene ndinali ndisanaimvepo. Ankaimba mokweza, ndodo ikugunda pansi motsatira.

Titayandikira kumudzi ndinafunsa kuti, "Mtima wakhala pansi tsopano, abambo?"

"Wakhala," anatero. Tinayenda pang'ono. "Koma uyu amuika ndi nyimbo, abale ake atamuzungulira. Wanga ndinamuika ndekha, ndipo malowo sindingawalozenso."

Sanadwale matenda odziwika. Anangoyamba kuchepa, kugona masana, kusiya khasu pakati pa mzere. Chikhothi anasinthanitsa ndi nkhuku ziwiri. Nditawafunsa ngati tidzawaike ndi mendulo, anati ayi, ntchito yake inatha, ndipo sakufuna kukafika nayo kumene mng'ono wawo anapita wopanda bulangete. Ili m'kachitini momwe ndimasungira singano. Anamwalira m'chilimwe, masana, atakhala tsonga atatsamira chipupa. Che Amidu anabwera wapansi kuchokera ku Kamwendo, n'kuima patali pang'ono ndi manda, akupemphera mwa chipembedzo chake.

Nyumba yawo tinaigwetsa maliro atatha, monga mwa mwambo. Mitengo ya denga anthu anasonkhera moto, udzu unawola. Chatsala ndi bwalo lozungulira la dothi lotukuka pang'ono, mafuwa atatu akuda pakati pake, ndi chitsa cha mzati wa pakhomo chimene chiswe chachikana. Dzinja lapitali panamera bonongwe wonenepa ndi dzungu limodzi lodzimerera lokha, koma palibe amene anathyolapo ndiwo. Nkhuku zokha ndi zimene zimasambapo fumbi masana. Njira yopita kudambo kale inkakhota pamenepo kuzungulira chipupa. Tsopano chipupa palibe, munthu angathe kungodutsa mowongoka. Koma ndimakhala pakhonde langa m'mawa n'kumaona amayi ndi mitsuko, anyamata ndi ng'ombe, ngakhale alendo osadziwa kanthu: akafika pamenepo, onse amakhota.